Mthunzi wa a Jairos

"Ndiuze iweyo, Loyce, poti zakwanu umazidziwa. Kabotolo aka ndi mfundo izi, kwanu zimatanthauza chiyani?"

A Wyson anatsakamutsa zinthuzo patebulo ngati wapolisi amene wagwira chamba: kabotolo ka mankhwala a chifuwa kokhala ndi madzi theka, luzi la mfundo zinayi, ndi kamtolo ka udzu. Malaya anali atavula kalekale. Thukuta linkatsika m'khosi, kudutsa pachifuwa, n'kukapuma pamimba pamene panali malo okwanira.

"Ndi botolo, bambo. Ndi luzi. Ngakhale kwanu ku Dowa luzi liliko."

"Usandiyankhe ngati uli pa mjigo! Ndazipeza kuseri, pa makina anga. Chibokosi chakunja chija achikulunga mphasa ngati maliro, amanga mfundo, pansi aikapo kabotolo. Lachitatu eyakoni imagwira bwinobwino. Lachinayi yafa. Lero ndaweruka msanga, ndi izi ndapeza. Ukufuna ndiitane ndani kuti adzandimasulire?"

Loyce anali pamkeka atatambasula miyendo yotupa, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri ili patsogolo. Anayang'ana pakhoma. Eyakoni ija, makina oziziritsa nyumba amene a Wyson anagula bungwe lina likutseka ofesi yake, inali duu, kukamwa kuli yasa ngati mlamba wouma. Pa nyumba zonse za mzere umenewo pa Boma, eyakoni inali yokhayo, ndipo a Wyson ankaitchula kawirikawiri kuposa dzina la mkazi wawo.

"Tsitsani mawu. Ababa ali pansi pa mango apo."

"Amve! Mayi Selestina apa pafupi akuti tsiku ndi tsiku amawaona bambo akowo atanyonyomala kuseriko, akuyankhula ndi chibokosicho m'Chilomwe. Chitsulo chimamva Chilomwe? Mneneri wina wandiuzanso pafoni, osamuuza kanthu ine, akuti m'nyumba mwanu muli munthu wachikulire amene ali ndi manja awiri, lamasana ndi linalo."

"Nyumba iti m'Phalombe muno imene mulibe wachikulire? Bwanji osawafunsa eniake?"

"Ine? Ndikaime pamaso pa apongozi n'kumawafunsa mafunso? Mwambo umenewo unaumva kuti?"

Pa mwambo wokhawo a Wyson anali katswiri. Chaka ndi theka chikhalireni a Jairos pakhomopo, mkamwini ndi mpongozi anali asanayang'anizanepo. Wina akatulukira khomo lakumaso, wina ankazungulira lakuseri. Moni ankadutsira mwa Loyce, ngati kalata. Anthu ankati a Wyson ndi aulemu. Ulemu wotere umakomanso, chifukwa munthu amene suyankhula naye sangakupemphe kanthu.

"Mimba ziwiri zapita padera, Loyce. Ziwiri! Iyi ndi yachitatu. Dokotala anati usamatenthedwe, ndinakugulira makina. Lero makinawo aphedwa. Mawa chiphedwe n'chiyani?"

Loyce anadziwa kuti mkwiyo wonsewo pansi pake panali mantha. Koma mantha a munthu wa mphamvu amagwera wopanda mphamvu.

"Yoyamba ija inachoka ababa ali ku Jenala, amayi ali moyo."

"Mfiti ilibe mtunda."

"Musatchule dzina limenelo, bambo! Dzina limenelo kuno limapha. Ndiye mukuti apite kuti? Ku Jenala nyumba inapita ndi madzi a namondwe wa Freddy pamodzi ndi amayi. Kumenekonso anali mkamwini chabe. Titameta, abale a amayi anawasudzula, munda anatenga. Kwawo ku Chiwalo anachokako ali mnyamata, alongo awo onse anatha. Apite kuti?"

"Mlendo ndi mame, Loyce. Mame a chaka ndi theka ndi dambo. Ndikudziwa khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma mkhate uwu ndi wanga. Mwezi uno ukamatha ndisawaonenso pano."

"Itanani kaye mmisiri adzaone chimene chapha makina."

"Mmisiri abwera, poti kutentha kuno sindingapirire. Koma zimene ndanena ndanena."

Loyce anadzuka mogwira khoma n'kutuluka. Kunja dzuwa la Okutobala linali litayeretsa thambo, phiri la Michesi likuoneka mwa chizimezime ngati lili kuseri kwa utsi. A Jairos anali pansi pa mango, akusema mpini wa khasu ngakhale munda analibe.

"Ndamva," anatero mwana wawo asanakhale pansi. "Makutu angawa madzi sanatenge."

"Ababa, mumatani kuseri kuja?"

"Iwe, chinthu chija chimavutika. Unayamba waikapo dzanja masana? Chimapuma moto. Dzuwa likuchiwomba kuyambira m'mawa, icho chili njenjenje, kubuula ngati ng'ombe yodwala. Ndinati mwana wanga ali m'nyumbamu ndi pakati, akupumira chinthu chimenechi, chikafa ndi dzuwa atani? Nazale timaifunditsa udzu. Mbuzi timaimangirira pamthunzi. Nanga chitsulo cha mkamwini chipse ine ndikuonerera, ndikudya zake?"

"Ndiye mumachifunditsa."

"Mphasa mbali zonse, udzu pamwamba. Akapita kuntchito ndimafunditsa, akayandikira kuweruka ndimachotsa. Lachinayi chitakomoka ndinati mthunzi wachepa, ndiye ndawonjezera udzu. Lero andipezerera."

"Bwanji osanena?"

"Ndikamuuze mkamwini kuti sadziwa kusamala katundu wake?"

"Nanga kabotolo?"

"Thukuta lake limadontha pa kapaipi. Madzi oyera bwinobwino azingotayika? Ndimathirira tsabola wanga uyo."

"Akutinso mumayankhula nacho."

"Ndimachiuza kuti pirira, mvula ili pafupi." Anapala mpini kawiri katatu. "Nanga pano ndiyankhule ndi ndani?"

Loyce anaseka mpaka mimba kugwedezeka, kenako anapeza kuti kusekako kwasanduka kwina. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Usalire," anatero a Jairos. "Ndipo umuuze mwamuna wako kuti pano sindichoka ndi dzina limeneli. Ine ndinabatizidwa iye asanabadwe. Ndayimba kwaya, ndakumba manda a anthu, ndanyamula ana a eni kupita nawo kuchipatala kumsana. Akanati madala mwatopetsa, ndikanamanga kamtolo kanga lero lomwe. Koma mfiti? Ayi. Abwere mmisiriyo adzanene."

Loyce atafotokoza zonsezi, a Wyson anangoti, "Mfiti inavomerapo liti?" n'kudzikupiza ndi kalendala.

Mmisiri wa mafiriji pa Boma anali mmodzi, a Dickson, ndipo mu Okutobala a Dickson amasowa kuposa dokotala. Firiji ya wogulitsa nyama yafa, ya pa bala yafa, ya mayi wa mafirizesi yafa. Pafoni ankayankha mokoma: "Ndili m'njira, bwana." Njira imeneyo inatenga masiku khumi ndi limodzi.

Mbiri yoipa ndiye sinadikire. Mayi Selestina anasamutsa chingwe chawo choyanikira zovala kupita nacho mbali ina ya nyumba. Ana amene ankabwera kudzatola mango anasiya, mango n'kumaolera pansi. Lamulungu kutchalitchi a Jairos anapatsidwa benchi yonse okha, ngati mlendo wolemekezeka. Loyce akafika pamsika, nkhani inkaduka pakati, amayi n'kuyamba kukonza milu ya tomato yokonzedwa kale. Lachiwiri masanasana mwala unagwa pa malata a kachipinda ka a Jairos, phoo! Woponya sanaoneke. A Jairos anautola mwalawo, kuuyang'ana mbali zonse, n'kuuika pa tsinde la tsabola.

"Galu wamkota sakandira pachabe," anatero a Wyson atamva. "Anthu onsewa apenga?"

"Anawauza ndani anthuwo?" anafunsa Loyce.

A Wyson anapita kukasamba kachitatu tsiku limenelo.

A Dickson anatulukira Lachiwiri lotsatira dzuwa lili pamutu, pa njinga yamoto yotulutsa utsi, botolo la gasi atalimangirira kumbuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Anali bambo wa imvi m'ndevu, wa mano ochepa ndi mawu ambiri.

"Odi kuno kusiwa! Malemu ali kuti?"

"Musaseke, a Dickson. Pano pali mlandu."

"Ndamva, mayi. Pa Boma pano nkhani imafika kwa ine isanafike kwa mwini wake. Akuti makina alodzedwa. Ine zaka makumi awiri ndikutsegula zinthu zimenezi, ndapezamo makoswe, abuluzi, mavu, tsiku lina njoka yowotcheka bwino yongofunika mchere. Mfiti sindinaipezemo. Mwina lero."

Anazungulira kuseri, Loyce akutsatira pang'onopang'ono. A Dickson anamasula zomangira, kuchotsa chivindikiro, n'kununkhiza ngati mayi wogula usipa. Anakhudza mawaya ndi kachipangizo kawo koyezera. Kenako anazula kaudzu kamene kanakanirira m'timipata ta chitsulo, kena, kenanso.

"Udzu uwu unalowa bwanji muno?"

Loyce anafotokoza zonse, mphasa, luzi, mpaka tsabola. Ankafotokoza monyadira, ngati munthu amene wabweretsa mboni yake. Atamaliza anaona kuti a Dickson asiya kuseka.

"Masiku angati?"

"Akuti chiyambireni kutentha. Masabata atatu kapena."

A Dickson anakhala pa chidebe n'kuvula chipewa.

"Mayi, chibokosi ichi ntchito yake ndi kutaya moto. Kutentha konse kwa m'nyumba mwanu kumatulukira pano. Moto umene madala ankaumva pa dzanja si wa dzuwa ayi, ndi wanu womwe wa m'chipinda. Chimafuna mphepo ngati munthu amene akukwera Michesi. Ukachikulunga mphasa wachitseka mphuno. Chimameza mpweya wake womwe wotenthawo, lero, mawa, mkuja, mpaka mtima wake, kompuresa iyi, kupserera. Fungo ili mukulimva? Ndi limenelo."

Loyce anagwira khoma. Khomalo linali lotentha ngati chiwaya.

"Komabe si ufiti."

"Si ufiti. Ndi mphasa." Anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu. "Tamverani. Ine ndikhoza kuwauza bwana kuti ndi magetsi. Magetsi sadandaula, tawanamizira zambiri."

"Mukati magetsi, adzati anawatuma ndani magetsiwo kuti asankhe nyumba ino yokha. Mphasa anaiona ndi maso awo. Ayi, a Dickson. Nenani monga mwandiuzira ine, pamaso pa onse, ndi mayi Selestina amve. Adziwe kuti panalibe mankhwala."

"Mwaganiza bwino, mayi? Chilungamo chili ngati mpeni watsopano, chimayamba kucheka mwini."

"Ababa akudikira inuyo kuti dzina lawo liyere."

A Wyson anabwera nthawi ya nkhomaliro, tayi atamasula. Bwalo linakhala kuseri kwa nyumba, ndipo linali bwalo loseketsa kwa wongodutsa. Mkamwini anaima pa ngodya iyi akuyang'ana kumpanda. Mpongozi anakhala pansi pa ngodya inayo akuyang'ana kumango. A Dickson anaima pakati ngati nkhoswe, sipanala ili m'manja. Kuseri kwa mpanda mayi Selestina anayamba kusesa pamalo pamene anasesa kale m'mawa.

A Dickson anafotokoza bwino, mosathamanga, mpaka anadzitseka mphuno ndi chipewa kuti aliyense amvetse.

"Ndiye mukuti anapha makina ndi iwowa," anatero a Wyson, akuuza mpanda.

"Ndati mphasa, bwana."

"Mphasayo inayenda yokha?"

"Anafunditsa ndi madala, koma ndi mtima wabwino. Za mankhwala palibepo. Ine ndikanakhala kuti ndinakulira kumunda osaona makina, ndikanachita chimodzimodzi."

"A Dickson, ine za mawaya sindinaphunzire, inunso za mizimu simunaphunzire. Munthu amadziwa bwanji potseka penipeni kuti chinthu chife? Anamulangiza ndani?"

"Bambo!" Loyce anayesa kugwada, mimba inakana, anangotsamira chidebe. "Mwamva nokha. Ndikupempha chimodzi. Muwauze anthu kuti munalakwitsa. Muyambire mayi Selestina, ali apo akumva."

Tsache linaleka kulira.

"Ndinalakwitsa chiyani? Ndinati apha makina. Mmisiri wati apha makina. Ndikapepese kuti ndinanena zoona?"

Pamenepo a Jairos anatsokomola. Sanatembenuke, anayankhula akuyang'anabe kumango.

"Amisiri."

"Wawa, madala."

"Ndikanapanda kufunditsa, chikanakhala moyo?"

A Dickson anayang'ana Loyce. Loyce anayang'ana pansi.

"Chikanakhala, madala. Dzuwa silichiopsa. Anachipangira dzuwa lomwelo."

"Ndiye masiku onsewa mwana wanga akugona pa simenti ndi chitenje chonyowa, miyendo ili chotupa, ndine?"

Nyenje zokha zinkalira m'mitengo.

"Chifundo chinapha nkhwali," a Dickson anang'ung'udza, akuuza sipanala yawo.

"Muluku!" anatero a Jairos chapansipansi, akuitana Mulungu m'Chilomwe. Anadzuka mogwira bondo, kuvula chipewa, ndipo anachita chimene anali asanachitepo chibwerereni pakhomopo. Anayenda mpaka pamene panaima mkamwini wawo, n'kuima patsogolo pake, maso ndi maso.

"A mkamwini, ndakulakwirani. Ndawononga katundu wanu."

A Wyson anatembenuza nkhope msanga, monga mwambo unenera, n'kulowa m'nyumba. Ulemu wawo sunawasiye ngakhale tsiku limenelo.

Kompuresa ina inayenera kuchokera ku Limbe, ndipo a Dickson anati itenga sabata. Sabata imeneyo a Jairos sanakhalenso pansi pa mango. Ankakhala m'kachipinda kawo ka malata, chitseko chotseka, dzuwa likuphika. Chakudya chinkabwerera theka.

"Ababa, tulukani, mufa ndi kutentha. Onse amva kuti si ufiti."

"Amva ndani? Dzulo mwala wina wagwa."

"Mwezi usanathe ndiwanyengerera bambowa. Makina akayamba kugwira mtima wawo uzizira."

"Loyi, mwananga, za ufiti ndinkakana ndi mtima wonse poti linali bodza. Bodza umaliyang'ana m'maso. Nanga izi ndikane bwanji? Ndadya zake chaka ndi theka, malipiro ake ndi amenewo. Kamba amanyera amene wamtola."

"Ndine ndinawakakamiza a Dickson kuti anene."

"Unachita bwino. Ukanafuna ndife ndili chitsiru chosadziwa?"

Lachitatu m'mawa a Dickson anafika ndi kompuresa m'katoni, akuimba nyimbo ya ukwati. A Wyson anali atapita kuntchito. Loyce anapita kukapereka phala kwa bambo ake, n'kupeza kachipinda kosesedwa bwino. Bulangete limene anawapatsa linali lopindidwa pamkeka, mbale ndi kapu zotsukidwa zili pamwamba. Atafunsafunsa, wakabaza wina pa siteji anati wawaona madala akukwera galimoto ya ku Chiwalo kutangocha, kachikwama ka pulasitiki kali m'manja.

"Mayi, ndi mimba imeneyo msewu wa ku Chiwalo?" anatero a Dickson. Loyce anali atavala kale nsapato.

Anafika ku Chiwalo dzuwa litapendeka pang'ono, fumbi lili m'mano, msana ukuwawa ngati wathyoka. Ku Chiwalo wachibale amene anatsala anali Elton, mwana wa mlongo wawo wa a Jairos. Pokhala msuweni, Elton nthawi zonse akaona Loyce ankafuula kuti mkazi wanga wabwera, mwamuna wa ku Dowa uja wamuthawa. Tsiku limeneli anali pa denga akufolera udzu, ndipo anatsika mwakachetechete.

"Afika, Loyce. Ndawapatsa madzi ndi chinangwa. Koma pano sagona."

"Elton, ndi amalume ako. Pano ndi pamene anabadwira. Mchombo wawo uli m'dothi lino."

"Ukundiuza ine? Sukulu yanga yonse ndi iwowa. Koma amuna ako anandiimbira foni sabata yoyamba ija. Akuti bwerani mudzatenge mfiti yanu yatha ana anga. Ine ndinali pa bawo, foni yanga ndi yakufa sipika, imangolankhula mokweza. Anthu asanu ndi awiri anamva. Pofika madzulo unali mudzi wonse."

"Mmisiri wanena kuti linali bodza! Inali mphasa chabe, ankafuna kuchitchinjiriza ku dzuwa."

"Mmisiriyo abwera kudzayenda khomo ndi khomo? Madzi akatayika saoleka, msuweni. Kuseri uku kuli mwana akudwala chikomokere, sabata yachiwiri ino. Amalume atangotsika galimoto, amake mwanayo anayamba kulira ngati wafa kale. Anyamata akhala pa chigayo apo, sakupita kwawo. Chaka chatha mudzi wa kutsidya uko anamuchita chiyani gogo uja, sunamve? Ndili ndi ana anayi ndi denga la udzu. Ndisankhe chiyani?"

Elton ankalira poyankhula, koma pakhomo sanasunthe.

A Jairos anali kumsewu, pansi pa mtengo wa bulugamu wopanda mthunzi weniweni, atakhalira kachikwama kawo. Atamuona Loyce anapukusa mutu.

"Amako akanakhalapo akanakumenya. Msewu umenewu ndi mimba?"

"Tiyeni tibwerere, ababa. Ndikagwada, ndikalira, akakana ndikaitana ankhoswe."

"Khala pansi." Anamusunthira kachikwamako, iwo n'kukhala padothi. "Tinene kuti walola. Ukabereka bwino, adzati Mulungu ndi wabwino. Zikavuta, monga zinavutira kawiri, adzati ndani? Tsiku limenelo mwala sudzagwa pa malata."

"Ndiye ndipita nanu kumene mukupitako."

"Chipatala chili ku Boma. Dokotala wako ali ku Boma. Amene ali m'mimbamo sanafunditse mphasa, asalipire mlandu wa agogo ake."

"Mukupita kuti?"

A Jairos analoza ndi chibwano kum'mawa, kumene mapiri a ku Mozambiki ankaoneka otuwa.

"Agogo anga anachokera kuseri uko, akuthawa thangata la Apwitikizi. Ankati anasiyako abale, a Nanthapo. Kumeneko foni ya amuna ako sinafike."

"Simunapiteko chibadwire! Akudziwani ndani? Muli ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ababa!"

"Osandidziwa ndi amene ndikuwafuna."

Foni inalira m'chitenje. Loyce anaiyankha mosaganiza.

"Loyce, uli kuti?" Mawu a a Wyson anali osangalala ngati a mwana. "Yayamba! A Dickson ndi mfiti ya munthu, ndikukuuza. Muno mwazizira ngati ku Dedza. Bwera msanga udzapume, ndatseka mawindo onse."

Loyce anazimitsa foniyo. Anyamata a pa chigayo anali ataimirira tsopano, asanu kapena asanu ndi mmodzi, manja ali m'matumba, akuyang'ana kubulugamu. A Jairos anawaonanso. Anakweza dzanja kuimitsa kabaza amene ankadutsa, bambo wa mudzi wina wosadziwa kanthu.

"Galimoto yomaliza ya ku Boma imadutsa posachedwa. Ukwere kutsogolo, kumbuyo kumagwedeza. Akadzabadwa usamutche dzina langa, lingamulemere."

Loyce anagwira malaya awo, koma a Jairos anamasula zala zake chimodzichimodzi, mofatsa, monga ankachitira akamamusiya pa sukulu ali wamng'ono. Anakwera pa kaliyala, kachikwama pamiyendo.

"Kumalire, madala?" anafunsa wakabaza. "Mukatsikira kwa ndani?"

"Kwa a Nanthapo."

"A Nanthapo? Ine kutsidyako ndimapita tsiku ndi tsiku kukatenga chimanga. Dzina limenelo sindinalimvepo."

"Palasa, mwananga," anatero a Jairos. "Tikafunsa kutsogolo."